PHUNZIRO LA AMAYI KU SIKELO: IMPSO ZA MWANA NDI MATENDA A SICKLE CELL

MAWU OYAMBA

Amayi, pa tsiku la sikelo timaona zambiri pa mwana wanu. Timamuyeza kulemera kwake, timayang'ana kadi yake ya katemera, ndiponso timafunsa za chakudya chimene akudya. Koma pali chinthu chimodzi chimene ife a za umoyo sitichiona, pamene inu mumachiona tsiku ndi tsiku pochapa matewera ndi poyanika mphasa. Chinthu chimenecho ndi mkodzo wa mwana.

Kuno ku Machinga ndi ku Balaka mayi akaona magazi mu mkodzo wa mwana amati ndi likodzo. Kawirikawiri amakhala atalondola, pakuti tiri pafupi ndi mtsinje wa Shire, nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndiponso madambo a mpunga mmene mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Komabe si mkodzo wofiira uliwonse umene uli wa likodzo, ndipo si mwana aliyense wokodza pa mphasa amene ali waulesi. Ana ena amabadwa ndi matenda a m'magazi amene amafooketsa impso zawo. Phunziro lino likunena za matenda amenewo.

ZIMENE NDINAONA M'MUDZI WINA

Chaka china, ndikuyendera zitsime ndi zimbudzi m'mudzi wina wa kum'mawa kwa Machinga, ndinapeza mnyamata wa zaka 7 atagona pa khonde dzuwa liri pamutu. Anali wochepa thupi, maso ake anali achikasu, ndipo anali kubuula ndi kupweteka kwa miyendo. Amayi ake anandiuza kuti mwanayo amakodza pa mphasa usiku uliwonse, chotero anamuletsa kumwa madzi kuyambira masana mpaka m'mawa. Anatinso mwanayo anakodzapo magazi, ndipo ngakhale anamwa mankhwala a likodzo kawiri, magaziwo anabweranso. Mng'ono wake anamwalira ali ndi zaka ziwiri atatentha thupi ndi kuyera m'manja. Agogo a pakhomopo ankati ndi tsempho, ndipo mkamwini ndi mkazi wake anali atayamba kulozana zala.

Ndinawapempha kuti apite ndi mwanayo ku chipatala akamuyeze magazi ndi mkodzo. Mu mkodzo simunapezeke mazira a likodzo. M'magazi munapezeka matenda a sickle cell. Amayiwo atauzidwa kuti kumana mwanayo madzi ndiko kunkautsa ululu wa m'miyendo, analira kwambiri. Iwo sanali mayi wankhanza ayi. Anachita zimene ankaganiza kuti nzothandiza, chifukwa panalibe amene anawafotokozerapo. Cholinga cha phunziro lino nchakuti inu mudziwiretu.

1. NTCHITO YA IMPSO

Munthu ali ndi impso ziwiri, ina kumanja ina kumanzere kwa msana, kunsi kwa nthiti. Impso iriyonse njofanana kukula ndi nkhonya ya mwini wake. M'kati mwa impso imodzi muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Magazi onse a m'thupi amadutsa m'tisefa timeneti kambirimbiri pa tsiku.

Impso zimagwira ntchito zazikulu ziwiri. Yoyamba ndiyo kuchotsa zoipa m'magazi. Yachiwiri ndiyo kusunga madzi. Impso za munthu wamkulu zimasefa madzi okwana malita 180 pa tsiku, koma mkodzo umene amataya ndi lita imodzi ndi theka chabe, pakuti madzi ena onse impso zimawabwezera m'magazi. Nchifukwa chake munthu akakhala tsiku lonse ku munda osamwa madzi amakodza pang'ono, ndipo mkodzowo umakhala wachikasu kwambiri. Impso zake zimakhala zikusunga madzi kuti thupi lisaume.

Mkodzo ukachoka mu impso umatsika m'timipope tiwiri mpaka m'chikhodzodzo, ndipo kuchokera m'menemo umatuluka kunja. Ntchito yosunga madzi ija muikumbukire bwino, chifukwa ndiyo imayamba kuonongeka mwa mwana wa sickle cell.

2. KODI MATENDA A SICKLE CELL NDI CHIYANI?

M'magazi muli maselo ofiira amene amanyamula mpweya wabwino wotchedwa okosijeni kupita nawo m'thupi monse. Mwa munthu wabwinobwino maselowa ngozungulira ndi ofewa, kotero amadutsa mosavuta ngakhale m'timitsempha tating'ono kwambiri. Selo limodzi limakhala masiku pafupifupi 120.

Mwa mwana wodwala matendawa, maselo ofiira amapindika ndi kuuma akasowa mpweya kapena madzi. Amaoneka ngati zenga lodulira mpunga, ndipo dzina lakuti sickle m'Chingerezi limatanthauza zenga. Maselo opindikawa amabweretsa mavuto awiri. Poyamba, amafa msanga, pakati pa masiku 10 ndi 20, motero mwana amakhala wochepa magazi nthawi zonse. Chachiwiri, amakodwa m'timitsempha ndi kutseka njira ya magazi, monga mmene zinyalala zimatsekera ngalande. Pamalo pamene patsekedwapo pamapweteka koopsa ndipo pang'ono ndi pang'ono pamaonongeka.

Dokotala woyamba kulemba za maselo amenewa anali James Herrick wa ku Chicago, m'chaka cha 1910. Lero tikudziwa kuti ana oposa 300,000 amabadwa ndi matendawa chaka chirichonse pa dziko lapansi, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira mu Africa muno. Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsiku la 19 June kuti anthu azikumbukira matendawa chaka ndi chaka.

3. MWANA AMAWATENGA BWANJI?

Matendawa sapatsirana. Sabwera chifukwa cha chakudya, madzi, ufiti, tsempho kapena ndaka. Mwana amabadwa nawo, ndipo amawatenga kwa makolo onse awiri.

Munthu aliyense amalandira mbewu ziwiri za mtundu wa magazi ake, imodzi kwa bambo ndi ina kwa mayi. Amene walandira mbewu imodzi yokha ya sickle cell sadwala. Amalima, amabereka ndi kukalamba ngati wina aliyense, ndipo nthawi zambiri sadziwa nkomwe kuti ali nayo. Amene walandira mbewu ziwiri ndiye amadwala.

Tiyerekeze motere. Bambo wafumbata nyemba ziwiri, yoyera ndi yofiira. Mayi nayenso wafumbata yoyera ndi yofiira. Pa mimba iriyonse aliyense amaponya nyemba imodzi mu mphika osayang'ana. Zikagwa zoyera zokhazokha, mwanayo alibe mbewu ya matendawa. Ikagwa yoyera ndi yofiira, mwanayo ali ndi mbewu imodzi ndipo sadwala. Zikagwa zofiira zokhazokha, mwanayo amabadwa ndi matendawa. Zofiira ziwiri zimakumana kamodzi pa kanayi. Koma mimba iriyonse imayamba pachokha. Banja lina likhoza kubereka ana anayi popanda wodwala, pamene lina likhoza kubereka odwala awiri motsatizana.

Pamenepa tikuona kuti palibe chifukwa choti akuchimuna azinena akuchikazi, kapena kuti mwinimbumba athamangitse mkamwini. Nyemba yofiira inachokera mbali zonse ziwiri, ndipo palibe amene anasankha.

Mbewu imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Kafukufuku wa m'zaka za 2015 ndi 2016, amene anayeza magazi a ana osakwana zaka zisanu m'zigawo zonse za Malawi, anapeza kuti pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse ali ndi mbewu imodzi. Chifukwa chake chinadziwika mu 1954, pamene Anthony Allison anaonetsa ku East Africa kuti ana a mbewu imodzi amatetezekako ku malungo oopsa. Choncho mbewuyi inachuluka m'madera a malungo ngati athu ano. Koma chenjerani: mwana wa mbewu ziwiri alibe chitetezo chimenecho. Kwa iye malungo ngoopsa koposa.

4. ZIZINDIKIRO ZOYAMBA

Khanda la sickle cell limabadwa looneka bwino, chifukwa magazi amene linali nawo m'mimba amaliteteza miyezi yoyambirira. Zizindikiro zimayamba kuoneka mwana akamakwanitsa miyezi 6. Yang'anani izi:

(a) Kutupa ndi kupweteka kwa zikhatho, zala ndi mapazi, mwana nkumalira mukamugwira.

(b) Kuyera m'manja, m'milomo ndi m'zikope, mpaka kuikidwa magazi ku chipatala kangapo.

(c) Maso achikasu.

(d) Kutupa kwa kapamba, kumanzere kwa mimba pansi pa nthiti.

(e) Kudwaladwala chibayo ndi kutentha thupi.

(f) Mzere wa pa kadi ya sikelo kusakwera bwino ngakhale mwana akudya mokwanira.

Ngati mwana wanu ali ndi zizindikiro zingapo mwa izi, makamaka ngati m'banja mwanu munamwalira kale mwana wodwala chimodzimodzi, uzani a chipatala ndipo pemphani kuti amuyeze magazi.

5. MMENE MATENDAWA AMAONONGERA IMPSO

M'katikati mwa impso, mmene madzi amabwezeredwa m'magazi, mumakhala mpweya wochepa ndi mchere wambiri. Malo otere ndiwo amachititsa maselo ofiira kupindika msanga. Chifukwa cha ichi impso zimayamba kuvutika mwana akadali wamng'ono, ngakhale kunja sikuoneka kanthu. Mavuto ake ndi awa:

(a) Kukodza kwambiri ndi ludzu

Impso za mwanayu sizitha kusunga madzi bwino. Amakodza kawirikawiri, usana ndi usiku, ndipo mkodzo wake umakhala woyera ngati madzi. Ngakhale mutamumana madzi, impso zake zimapitirira kutaya. Thupi likauma magazi amakhuthala, maselo amapindika, ndipo ululu wa m'mafupa umayamba. Pa mwana wina mkodzo woyera umasonyeza kuti wamwa mokwanira, koma pa mwana uyu sizitero. Akhoza kukodza woyera pamene thupi lake likuuma.

(b) Kukodza pa mphasa

Mwana wosakwana zaka zisanu akakodza pogona palibe chodabwitsa. Koma mwana wa sickle cell amachedwa kusiya, ndipo ena amapitirira mpaka msinkhu wa ku sukulu, chifukwa chikhodzodzo chake chimadzaza msanga usiku. Si ulesi ndipo si mwano. Kumumenya, kumuyalutsa pamaso pa anzake kapena kumumana madzi sikuchiza, koma kumaonjezera matenda.

(c) Magazi mu mkodzo

Timitsempha ta m'katikati mwa impso tikatsekeka timaphulika, ndipo magazi amatuluka pamodzi ndi mkodzo. Kawirikawiri sikupweteka. Nthawi zina mumaoneka timagulu ta magazi oundana, ndipo timeneti tikamatsika mwana amamva kupweteka m'mbali mwa msana. Ngakhale munthu wa mbewu imodzi, amene sadwala, akhoza kukodza magazi mwa njira yomweyi nthawi zina.

(d) Tizirombo m'njira ya mkodzo

Thupi la mwana wa sickle cell silirimbana bwino ndi tizirombo. Tikalowa m'chikhodzodzo tikhoza kukwera mpaka ku impso ndi kulowa m'magazi. Mwana wamkulu amanena kuti akumva kutentha pokodza. Khanda silinena, koma limatentha thupi, limasanza, limakana bere, kapena mkodzo wake umanunkha mwachilendo. Mwana akatentha thupi koma poyeza malungo osapezeka, pemphani kuti amuyezenso mkodzo.

(e) Kutupa nkhope ndi miyendo

Zaka zikamapita tisefa tija timabooka ndi kuyamba kutaya puloteni, chakudya chomanga thupi chimene chiyenera kukhala m'magazi. Poyamba palibe chooneka ndi maso, koma a chipatala amachiona poviika kapepala koyezera mu mkodzo. Vuto likakula mkodzo umachita thovu, zikope zimatupa m'mawa, ndipo miyendo imatupa madzulo. Kutupa kumeneku anthu amakusokoneza ndi tsempho kapena ndi kutupikana kwa kusowa chakudya. Kukalekereredwa impso zikhoza kulephereratu munthuyo atakula. Makina osefa magazi m'malo mwa impso amapezeka m'zipatala zazikulu zochepa chabe, monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Nkwabwino kuteteza impso mwana akadali m'manja mwanu.

(f) Vuto la ana aamuna

Nthawi zina magazi amakodwa m'kachiwalo kokodzera ka mwana wamwamuna, ndipo kamaimirira kolimba ndi kupweteka, makamaka m'bandakucha. Ana ambiri amabisa chifukwa cha manyazi. Mpatseni madzi, muuzeni akodze, ndipo musambitseni madzi ofunda. Musaikepo madzi ozizira. Kukatha ola limodzi kusanasinthe, nyamukani ulendo wa ku chipatala, pakuti kukapitirira maola 4 kachiwaloko kakhoza kuonongeka moyo wake wonse.

6. LIKODZO KAPENA SICKLE CELL?

Likodzo limayamba ndi tinyongolotsi timene dokotala Theodor Bilharz anatipeza ku Cairo mu 1851. Timachokera mu nkhono za m'madzi ndi kulowa pa khungu la munthu posamba, pochapa, powedza kapena polima mpunga. Mazira ake ndiwo amabaya chikhodzodzo. Kusiyana kwake ndi sickle cell nkotere:

Pa likodzo, magazi amadontha kumapeto kwa kukodza, ndipo kawirikawiri mwana amamva kupweteka. Pa sickle cell, mkodzo wonse umakhala wofiira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nthawi zambiri popanda ululu.

Pa likodzo, a chipatala amaona mazira mu mkodzo pogwiritsa ntchito makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Pa sickle cell mulibe mazira.

Likodzo limamva mankhwala otchedwa praziquantel, amene ana amalandiranso m'masukulu. Magazi a sickle cell sasiya ndi mankhwala amenewa.

Kumbukirani kuti mwana mmodzi akhoza kukhala ndi matenda onse awiri. Kwa mwana amene magazi ake ngochepa kale, likodzo ndi katundu wina pamwamba pa katundu. Chotero musakane mankhwala a likodzo, koma ngati mwana wamwa ndipo magazi akupitirira kapena abweranso, musangomubwereza mankhwala omwewo. Pitani akamuyeze. Ndiponso musamvere zakuti kukodza magazi ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Mwana wathanzi sakodza magazi.

Palinso matenda ena a impso amene a chipatala amawafufuza. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, pamodzi ndi kutupa nkhope, ukhoza kubwera mwana atadwala mphere kapena zilonda za pa khungu ndi za pakhosi. Chotupa cholimba mbali imodzi ya mimba chikhoza kukhala khansa ya impso ya ana, imene imachizika ikapezeka msanga. Khanda lachimuna limene mkodzo wake umangodontha osathamanga likhoza kukhala lotsekeka njira chibadwire. Zonsezi nzosayenera kudikira.

7. ZOYENERA KUCHITA PAKHOMO

1. Madzi ndiwo mankhwala oyamba. Mpatseni mwana madzi kawirikawiri, asanapemphe nkomwe, ndipo usiku muikireni chikho pafupi. Popita ku sukulu, ku munda kapena ku chipatala anyamule botolo. Onjezerani m'miyezi ya October ndi November pamene ku Balaka, ku Liwonde ndi ku Ulongwe kumatentha kwambiri.

2. Madziwo akhale a pa mjigo kapena pa mpopi, owiritsa kapena othira mankhwala, ndipo asungidwe mu ndowa yovindikira.

3. Khanda losakwana miyezi 6 liyamwe bere lokha, usana ndi usiku. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira.

4. Mwana akatsegula m'mimba kapena kusanza, yambani nthawi yomweyo kumupatsa Thanzi, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi abwino, ndipo pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo.

5. Pa kukodza pa mphasa, mukodzetseni asanagone, mudzutseninso kamodzi pakati pa usiku, ndipo yalani pulasitiki pansi pa nsalu. Musamukalipire. Tsiku limene wadzuka pouma muyamikireni.

6. Mufunditseni bwino m'miyezi ya June ndi July, ndipo musamusambitse madzi ozizira m'mamawa. Kuzizira nakonso kumautsa ululu.

7. Agone mu neti usiku uliwonse.

8. Asasewere m'madambo, m'ngalande za mpunga kapena m'mphepete mwa nyanja. Akodze ndi kuchita chimbudzi m'chimbudzi, kuti mazira a likodzo asafike ku madzi.

9. Pomutawaza mwana wamkazi yambani kutsogolo kupita kumbuyo, ndipo musasiye khanda m'thewera lonyowa nthawi yaitali.

10. Musamugulire mankhwala opha ululu monga brufen, diclofenac ndi indocid pa golosale kapena pa msika. Mankhwala amenewa amavulaza impso, makamaka thupi likakhala louma. Panado ndiye woyambira, pa muyeso umene a chipatala anakuuzani. Musamupatsenso mankhwala oonjezera magazi popanda kuuzidwa ndi dokotala, pakuti kuchepa magazi kwa mwanayu sikuchokera ku chakudya chokha.

11. Musamumwetse zitsamba ndipo musamutemere mphini pa malo otupa. Muyeso wa zitsamba sudziwika, ndipo zonse zimene mwana wamwa zimakathera ku impso.

8. THANDIZO LA KU CHIPATALA

Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kaya ku Ntaja, ku Nsanama, ku Ulongwe kapena ku Phalula. Pakafunika adzakutumizani ku chipatala cha boma la Machinga chimene chiri ku Liwonde, kapena cha boma la Balaka. Zovuta kwambiri zimapita ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth. Sungani bwino buku la chipatala la mwana, ndipo kulikonse kumene mwapita nenani poyambirira kuti mwanayu ali ndi sickle cell.

Mwana amene wapezeka ndi matendawa amathandizidwa motere:

(a) Penisilini wakumwa tsiku ndi tsiku mpaka atakwanitsa zaka zisanu, womuteteza ku tizirombo toopsa.

(b) Mapiritsi a folic acid othandiza thupi kupanga magazi atsopano, ndi mankhwala oteteza malungo monga dokotala walembera.

(c) Katemera yense wa pa kadi. Katemera wa chibayo anayamba kuperekedwa m'Malawi muno mu 2011. Katemera wa malungo anayamba mu 2019, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma 11 oyambirira kulandira. Katemera ameneyu salowa m'malo mwa neti.

(d) Mankhwala otchedwa hydroxyurea, amene amachepetsa kupindika kwa maselo. Zotsatira za kafukufuku wa ana a ku Angola, Congo, Kenya ndi Uganda zimene zinasindikizidwa mu 2019 zinaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa. Amalembedwa ndi dokotala yekha, ndipo mwana womwa amayenera kuyezedwa magazi nthawi ndi nthawi. Funsani ngati mwana wanu angathe kuwalandira.

(e) Kuyezedwa mkodzo ndi kuthamanga kwa magazi kamodzi pa chaka mwana akamasinkhuka, ngakhale akuoneka bwino. Puloteni ikapezeka msanga mu mkodzo, alipo mankhwala ochedwetsa kuonongeka kwa impso.

Nkofunikanso kuti abale a mwanayo a bere limodzi ayezedwe, ndipo bambo abwere nawo kudzamva uphungu. Mutu umodzi susenza denga.

9. NTHAWI YOTHAMANGIRA KU CHIPATALA

Musadikire kuti kuche kapena kuti lifike tsiku la sikelo mukaona chimodzi mwa izi:

(a) Mwana watentha thupi.

(b) Wayera kwambiri m'manja mwadzidzidzi, wafooka, kapena mimba yafufuma kumanzere.

(c) Akukodza magazi.

(d) Wasiya kukodza kapena akukodza pang'ono kwambiri, pamene masiku onse amakodza kwambiri.

(e) Watupa nkhope kapena miyendo.

(f) Akubanika popuma kapena akumva kupweteka pachifuwa.

(g) Mkono kapena mwendo walefuka, pakamwa papindika, kapena wakomoka.

(h) Ululu sukuleka ngakhale wamwa madzi ndi panado.

M'njira monse pitirizani kumumwetsa madzi kapena kumuyamwitsa, ngati ali maso ndipo akutha kumeza.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. Tchulani ntchito ziwiri za impso.

2. Nchifukwa ninji nkoopsa kumana madzi mwana wa sickle cell amene amakodza pa mphasa?

3. Kodi magazi a likodzo amasiyana bwanji ndi a sickle cell?

4. Apongozi atanena kuti matendawa anachokera kwa mayi yekha, mungawayankhe bwanji mwaulemu?

5. Kodi m'mudzi mwanu muli mwana wa zizindikiro zimene taphunzirazi? Mungawathandize motani amayi ake?

MAWU OTSIRIZA

Patapita miyezi ingapo ndinadutsanso m'mudzi muja. Mnyamata uja ndinakumana naye pa njira akuchokera ku sukulu, botolo la madzi liri m'manja. Amayi ake anati kukodza pa mphasa kunali kusanatheretu, koma masiku ogona ndi ululu anali atachepa, ndipo bambo ake ndiwo ankapita naye ku chipatala pa njinga. Matenda a sickle cell mwana amakhala nawo moyo wonse, koma akadziwika msanga ndi kusamalidwa bwino amaphunzira, amakula ndi kugwira ntchito ngati anzake.

Chotero amayi, yang'anani mkodzo wa mwana wanu. Ukafiira, ukada, ukachita thovu, ukachuluka kapena ukachepa mosiyana ndi masiku onse, uzani mlangizi wa za umoyo kapena anamwino ku sikelo. Musachite manyazi kufunsa. Ndipo mwana wa sickle cell akapempha madzi, kaya ndi masana kaya ndi pakati pa usiku, mpatseni.